Zitseko Zakumbuyo za Nambala Folo

Galimotoyo inafika pakhomo panga kumapeto kwa Okutobala, alimi atangomaliza kukolola chimanga. Inabwera itakwezedwa pangolo, matayala onse ataphwa, denga lili mbuu ndi zitosi za nkhuku. Ndinatuluka m'khitchini ndi kansalu kopukutira mbale m'manja, ndipo ndinapeza mlongo wanga Leland akumasula maunyolo uku akuimba likhweru ngati wapeza mbeta.

"Iwe Leland, chinyansi ichi ukuchitula pakhomo pa ndani?"

"Tayang'anitsitsa, Arlys. Ndi Nambala Folo."

"Nambala Folo wa chiyani? Ili ndi khola la nkhuku ili."

"Nkhukuzo ndazisiya kwa eni ake, usade nkhawa."

Ndinayang'anitsitsa, ndipo mtima unangoti myuu. Wina anali ataipaka penti wobiriwira ndi bulashi ya m'nyumba, koma pachitseko chakutsogolo chithunzithunzi cha nyenyezi chinkaonekabe. Inalidi iyo, Plymouth ya 1973 imene Adadi ankayendetsa ali apolisi a boma lathu lino kuno ku Nebraska. Ine ndinkayesa inasungunulidwa kalekale.

Adadi anali pawindo la pabalaza, atavala juzi chotembenuza. Anagogoda galasi n'kundikodola.

"Mayi," anatero nditalowa, "munthu wa gasi uja wabweranso. Mumpatse khofi, kunjaku kwazizira."

Munthu wa gasiyo ndiye Leland, mwana wawo mmodzi yekhayo wamwamuna. Adadi, a Emil Kovarik, mutu unayamba kuwathawa Amayi atangomwalira. Ine amandidziwa mwa apo ndi apo: lero ndine Arlys, mawa ndine Amayi, mkuja ndine mayi wina wachifundo wowasamalira nyumba. Koma Leland, chibwerereni kuchokera ku Wyoming kumene anakhala kuyambira ali mnyamata, Adadi anali asanamutchule dzina ngakhale kamodzi. Tsiku loyamba anamuona akusuzumira pa thanki ya gasi kuseri kwa nyumba, basi dzina n'kukhala lomwelo. Ndipo mlongo wangayo, bambo wa imvi mutu wonse, panalibe china chimene ankafuna padziko lino koma kuti Adadi amuyang'ane n'kunena kuti "Leland."

Madzulo ake anandifotokozera nzeru zake tikudya.

"Ndiikonza ibwerere mmene inalili. Pa perete wa tsiku la ufulu, pa 4 Julaye, ndidzayendetsa ine, Adadi adzakhala pambali panga, kutsogolo. Akadzamva fungo lake, akadzamva injini, zonse zidzabwerera. Ndinawerenga kuti zimatheka."

"Unawerenga kuti? Pa pepala lokulungira nyama?"

"Iwe mwano sudzasiya."

"Nanga iwe kulota udzasiya liti? Adokotala ananena kale kuti Julaye akamatha tiwapititse kunyumba yosamalira okalamba. Malo anawasungira kale. Ine msana wanga watha ndi kuwanyamula kubafa."

"Ndiye chifukwa chake ndikuti pa 4 Julaye," anatero, osakweza maso.

Ndinamumvera chisoni, ndipo chisonicho chinandikwiyitsa.

Amene sanakulire m'nyumba ya wapolisi amayesa galimoto zimenezi ndi zapamwamba. Ayi ndithu. Boma likamagula limaitanitsa galimoto yomwe ija amayendera adokotala ndi abusa, koma limauza a kufakitale kuti achotsemo chilichonse chosangalatsa munthu. Kapeti mulibe, pansi ndi mphira basi kuti masanzi a oledzera azitsukika ndi paipi. Mpando wakutsogolo ndi benchi imodzi yaitali yapulasitiki, yootcha matako m'chilimwe. Wailesi ya nyimbo mulibe, timizere tonyezimira ta m'mbali mulibe, pamatayala pamangokhala tizivundikiro ting'onoting'ono timene anthu ake amati mbale za agalu. Zonse zimene amana thupilo amazipereka ku injini ndi mabuleki. Amayi ankakonda kunena kuti boma linagula Adadi ndi galimotoyo pa oda imodzi.

Lamulo la pakhomo pathu linali lakuti m'galimoto ya boma simukwera wachibale. Mvula igwe, chipale chofewa chikwirire msewu, Adadi ankatidutsa tikuchokera kusukulu, n'kungokweza chala chimodzi pachiwongolero. Malo a pambali pawo anali a chipewa ndi fulasiki ya khofi. Leland ali mwana ankaitsuka galimotoyo Loweruka lililonse mpaka zala kuchita makwinya, kuyembekeza kuti mwina tsiku lina amuuza kuti "kwera, tikafike pa mlatho." Adadi ankangoizungulira, n'kuloza pamene pasala matope.

Anadzakwera kamodzi kokha, ali ndi zaka khumi, zisanu ndi ziwiri. Linali Loweruka masana, sabata ya chionetsero cha zaulimi, tauni itadzaza. Iye ndi anzake anamwa mowa kuseri kwa makola a ng'ombe, iye n'kutenga lole ya mlimi wina osapempha, n'kukaigwetsera m'ngalande pafupi ndi nkhokwe zazitali za chimanga zija. Palibe anavulala. Mwini loleyo anachita kuseka, amvekere, "Emil, pita naye kunyumba ukamukwapule, za lole tikambirana." Adadi anakana. Anamutembenuza mwana wawo, kumumanga maunyolo, kutsegula chitseko chakumbuyo, kumuika dzanja pamutu monga amachitira ndi aliyense kuti asagunde denga, n'kumulowetsa. Kenako anayendetsa pang'onopang'ono kudutsa mumsewu waukulu, anthu ali mbali zonse, ine nditaima pakhomo pa sitolo ya mankhwala ndi ayisikilimu akundisungunukira m'manja. Njira yonse sanalankhule naye liwu ndi limodzi lomwe. Leland anagona m'chitokosi mpaka Lolemba, ndipo chaka chisanathe anakwera basi wopita kumigodi ya mafuta. Ankabwera pa maliro pokha.

Ndiye mundiuze, abale, munthu wamutu wabwino angakafune galimoto imeneyoyo?

Nyengo yonse yozizira Leland anathera m'galaja yanga, galimoto yanga ine ikugona panja ndi kuuma. Anadzipezera mnzake, a Norb Stuhr, mdala wamfupi wa makutu ogontha amene ali m'gulu lija la anthu osunga galimoto zakale za apolisi. Anthu amenewo, mayo ine! Ali ndi chipembedzo chawochawo. Wina aliyense akamakonza galimoto yakale amawonjezera zokongoletsa, koma iwo amachotsa. Galimoto ikaoneka yabwino kuposa mmene boma linaigulira, kwa iwo yawonongeka.

Mlimi amene anaigula pa okushoni boma litaitaya anali munthu wabanja, ndipo anayesetsa kuisandutsa galimoto ya anthu. Anayalamo kapeti, anaikamo wailesi ya nyimbo, anachotsa waya umene apolisi amalekanitsira kutsogolo ndi kumbuyo, mkazi wake anasokera mipando nsalu yamaluwa. A Norb ataona zimenezo anagwira kukamwa.

"Uchimo," anatero. "Uchimo weniweni. Leland, zula zonsezi."

"A Norb," ndinatero ine, nditawabweretsera khofi ndi makeke, "munthu anaikonza kuti ana ake azikhala bwino, inu mukuti uchimo?"

"Mwati chiyani, Mayi?"

"Ndati ndinu amisala nonse awiri!"

"Eya, ndi ya 1973," anatero a Norb, akutola keke yachiwiri.

Anazula. Kapeti anamutaya kudzala, wailesi anapatsa mwana wa aneba. Leland anayenda ulendo wa tsiku lathunthu kukagula mphira zakuda zapansi kwa munthu wina ku Kansas, anabwera akuzinunkhiza ngati buledi wotentha. Mbale za agalu zinayi anazipeza kwa anthu atatu osiyana. Waya wapakati anachita kukamukumba kuseri kwa khola la mlimi uja, kumene ankatchingira anapiye. Penti anasakaniza kangapo mpaka a Norb atavomereza kuti kuyera kwake ndi kuja kosasangalatsa kwa boma.

Tsiku limene tinakangana zenizeni linali la zitseko. Ndinalowa m'galaja n'kumupeza Leland atagwada pa chitseko chakumbuyo, akumasula chotsegulira cham'kati. Mlimi uja ndiye anaziikamo, zotsegulira ndi zopukusira magalasi, kuti ana ake azitha kutuluka okha.

"Ukuchotseranji zimenezo?"

"Munalibe. Kumbuyo kwa galimoto ya apolisi simukhala zotsegulira m'kati. Ukalowa, umatuluka pokhapokha wina akutsegulire kunja."

"Ndikudziwa, ndinabadwira nyumba yomweyo. Koma iwe ukufuna kumanga ndani? Ine?"

"Ndikufuna ikhale mmene inalili."

"Zisiye, Leland. Adadi sakayang'ana kumbuyoko. Chinthu chimodzi chokhachi chisiye chikhale cha anthu."

Anaima, sikuludilaiva ili m'manja, nkhope itafiira.

"Ine ndikudziwa mmene chitseko ichi chinalili, Arlys. A Norb anachiona m'mabuku, iwe unachiona uli panja ukudya ayisikilimu. Ine ndinachipapasa msewu wonse ndi manja omangidwa. Panali kachitsulo kosalala, komangidwa ndi timisomali tinayi. Ndikasiya chotsegulirachi ndiye kuti ndanama."

"Nama! Kunama kamodzi sikunaphepo munthu."

Sanandimvere. Anachotsa zonse, mbali zonse ziwiri, n'kutsekapo ndi tizitsulo tosalala timene anadula yekha. Zotsegulirazo anaziponya m'chitini cha misomali yakale. Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko cha galaja mpaka fosholo inagwa kukhoma.

Chimene chinkandiwawa kwambiri miyezi imeneyo chinali cha patebulo. Adadi, amene moyo wawo wonse sanamuuzepo mwana wawo kuti "wachita bwino," ankamukonda munthu wa gasi. Ankamusungira mpando, kumukankhira mbale ya nyama, kumufunsa ngati msewu wa kumpoto aukonza. Tsiku lina m'mwezi wa Malichi anamugwira mkono.

"Achimwene, muli ndi ana inu?"

"Ayi, bambo," anatero Leland.

"Ine ndinali naye wamwamuna. Wa manja abwino, akagwira injini imamumvera. Anapita kumadzulo uko."

"Anapitiranji?"

Adadi anayang'ana foloko yawo ngati aiona koyamba. Ine ndinasiya kutafuna. Leland anali atatsamira kutsogolo.

"Mayi," anatero Adadi potsiriza, "mbatatayi mulibe mchere."

Leland anadzuka n'kupita kugalaja. Ndinamva akugogoda chitsulo mpaka mbale zonse nditatsuka. Ine ndinalira pasinki, ndipo sindichita manyazi kunena.

Galajayo tinkaikhoma kuti Adadi asaione galimoto isanathe. Leland ankati aione kamodzi, yathunthu, kuti iwagwedeze. Injini anailiza koyamba m'mwezi wa Meyi, Adadi nditapita nawo kuchipatala. Aneba anandiuza kuti mawindo awo ananjenjemera.

Pa 4 Julaye kunacha kotentha, kopanda ndi kamphepo komwe. Ndinawasambitsa Adadi, kuwameta, kuwaveka malaya awo akale a khaki amene tsopano ankangolendewera m'mapewa. Chipewa ndinachipeza pamwamba pa wadiropu, chikadali m'bokosi lake. Kutauni bandi ya sukulu inali itayamba kale kuyesa malipenga. A Norb anali atatsogola kukatisungira malo pamzere, pakati pa galimoto yozimitsa moto ndi mathirakitala.

Leland anaitulutsa galimotoyo n'kuiimika pa udzu, kutsogolo kwa khonde. Anali atavala malaya oyera, atameta ndevu zake zonse zimene anazisunga chichokereni kwathu. Nditamuona ndinadzidzimuka. Popanda ndevuzo chibwano chinali chomwe chija cha kale, ndi kachipsera kamene anadzitema pa njinga.

"Wameteranji?"

"Kwatentha," anatero.

Zoona zake, Nambala Folo inali yonyansa ndendende mmene ndinkaikumbukira. Yoyera mosasangalatsa, yaitali ngati bokosi la maliro, nyali imodzi yofiira padenga, nyenyezi pachitseko, timbale ta agalu tili ng'aning'ani padzuwa. Ndinamva fungo la mphira wotentha ndili pakhonde.

Ndinawatulutsa Adadi nditawagwira mkono. Pa sitepe yachiwiri anaima. Anachotsa dzanja langa.

Abale inu, ndinaona ndi maso angawa. Msana umene unapindika zaka zonsezi unawongoka. Anatsika masitepe okha, osagwira chitsulo. Anatenga chipewa m'manja mwanga osandiyang'ana, kuchivala, kuchikokera pang'ono pamphumi. Anayamba kuizungulira galimotoyo monga ankachitira m'mawa uliwonse: kuponda tayala ndi nsonga ya nsapato, kugwedeza nyali ya pambali, kupititsa chala pa boneti n'kuchiyang'ana.

"Ndani watsuka galimotoyi?" Mawu ake anali aja akale, ouma, ochokera pachifuwa.

"Ndine," anatero Leland.

"Pasala apa."

Panalibe chimene chinasala, koma Leland anathamanga n'kupukutapo ndi mkono wa malaya ake oyera, akuseka, misozi ili m'maso. Anandiyang'ana ngati akuti, waona? Inenso mtima unayamba kudumpha. Ndinaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Leland anapita pa chitseko chakutsogolo, mbali ya wokwera, n'kuchitsegula. Pampando anali ataikapo fulasiki ya khofi.

"Kwerani kuno, Adadi. Lero ndikuyendetsani ine. Tikafike pa mlatho, kenako kuperete."

Adadi anatembenuka. Anamuyang'ana kuyambira kunsapato, kukwera, mpaka pachibwano paja. Anayang'ana nthawi yaitali. Ndinaona maso awo akusintha, chifunga chija chikuchoka.

"Leland," anatero.

Mlongo wanga anagwira denga la galimoto.

"Leland Kovarik. Wandichititsa manyazi pamaso pa tauni yonse."

"Adadi..."

"Khala chete. Tembenuka. Manja kumbuyo."

"Adadi, taimani!" ndinakuwa ine ndikutsika masitepe. "Zimenezo zinatha kalekale!"

"Arlys, lowa m'nyumba ukathandize amayi ako. Izi si za ana."

Tonse awiri anatidziwa, mayina athu, nkhope zathu, zonse. Koma anatidziwira pa Loweruka lija.

Leland akanatha kuseka, akanatha kuwagwira mapewa mdala wofooka ngati ameneyo n'kuwakhazika kutsogolo. Ndi chimunthu chachikulu, chinanyamula mapaipi a chitsulo moyo wake wonse. Koma anatembenuka. Anaika manja kumbuyo, opanda unyolo uliwonse, n'kuwagwirizitsa yekha. Adadi anatseka chitseko chakutsogolo chija ndi bondo, anatsegula chakumbuyo, anakweza dzanja lawo n'kuliika pa imvi za mwana wawo.

"Samala mutu," anatero.

Leland anawerama n'kulowa. Chitseko chinati khu.

Ndinaima pa udzupo n'kumaonerera. Adadi anazungulira kutsogolo kwa galimoto, mayendedwe aja a pang'onopang'ono, anatsegula mbali ya dalaivala n'kukhala. Anavula chipewa n'kuchiika pambali pa fulasiki. Anakonza kagalasi koonera kumbuyo, ndipo ndinaona maso awo akukumana ndi a Leland kudzera pa waya uja. Magalasi akutsogolo anali otsitsa, ndiye ndinamva zonse.

"Khala mowongoka. Anthu akuona."

"Chabwino, Adadi."

"Ukuganiza kuti ine zikundisangalatsa?"

Tsiku lija sanalankhule. Lero analankhula. Leland anasendera kutsogolo mpaka mphumi kugunda waya.

"Sindikudziwa, Adadi. Ndiuzeni."

"Ndikuuza tikamapita. Pano ayi, pali anthu." Anapapasa pamene pamalowa kiyi. Anapapasa m'thumba la malaya, la thalauza. "Makiyi anga ali kuti?"

Makiyi anali m'thumba mwa Leland. Ndinamuona akuwatulutsa, ndipo ndinadziwa chimene akufuna kuchita asanachichite.

"Leland, usayerekeze!"

"Mpaka pa geti pokha, Arlys."

"Wapenga? Munthu wosadziwa kugwira supuni!"

"Akufuna kundiuza! Wamva wekha, akuti andiuza tikamapita!"

Anachotsa kiyi wa injini pa kamphete kake n'kuyamba kumulowetsa pa kabowo ka waya. Adadi anali atatambasula kale dzanja chakumbuyo, osatembenuka, monga munthu wolandira chenji. Ine ndinayang'ana kugeti. Kunja kwake msewu unali utadzaza mabanja opita kuperete, ana atanyamula timbendera, ena pa tinjinga tawo tokongoletsedwa ndi mapepala. Ndipo injini imene inali pansi pa boneti imeneyo ndi ija boma linagulira kuthamangitsa mbava.

Ndinatsegula chitseko cha wokwera, ndinadziponya pa benchi yootcha ija, fulasiki n'kugubuduka, ndipo kiyi atangotulukira mbali ino ya waya ndinamulanda. Ndinakanda dzanja la Adadi ndi chikhadabo pochita zimenezo.

"Arlys!" Leland anakuwa. "Bweza! Arlys, ndakupempha, bweza!"

Ndinatuluka chafutambuyo, kiyi nditamufumbata. Ndinamva kumbuyo kukugunda. Leland anali akupapasa chitseko, kufuna kutuluka kuti adzandilande, ndipo zala zake zinkangoterereka pa kachitsulo kosalala kaja kamene anadula yekha. Anayesa mbali inayo. Anamenya galasi ndi chikhatho, anagwedeza waya mpaka galimoto yonse inkayenda uku ndi uku pa masipuling'i ake. A Norb akanakhalapo akananyadira: palibe chinagwedera ndi chimodzi chomwe.

Phokosolo ndi limene linawabweza Adadi. Anayang'ana dzanja lawo, pamene panali kutuluka kadontho ka magazi. Anayang'ana chiwongolero. Mapewa anagwa, msana unabwerera mwakale, pakamwa panatseguka pang'ono. Anatembenukira kwa ine, maso ali mwaa.

"Mayi," anatero ndi timawu tija ta masiku ano, "ndadzicheka. Tili kuti kuno?"

"Tili kunyumba, Adadi. Tiyeni."

"Adadi!" Leland anaitana pa waya. "Adadi, ndine Leland! Mumati mundiuza!"

Adadi anacheuka mwamantha, n'kundigwira mkono zolimba.

"Kumbuyoku kuli munthu akukuwa. Walakwa chiyani?"

"Sanalakwe kanthu. Tiyeni m'nyumba."

Ndinawatulutsa, kuwakweza masitepe imodziimodzi, kuwakhazika pa mpando wawo wa pawindo. Ndinawatsuka dzanja, kumatapo kapulasitala, kuwavula malaya a khaki amene anali atanyowa ndi thukuta. Ndinawapatsa madzi. Musandifunse ngati ndinachita bwino. Ana aja anali pamsewu, ndipo lero lomwe mutandibwezera pa udzu paja ndingalandenso. Koma chimene Adadi ankafuna kunena sindichidziwa, Leland sachidziwa, ndipo amene ndinatseka pakamwa pawo ndine.

Nditatuluka, kutauni ng'oma za bandi zinali zitayamba, sailini ya galimoto yozimitsa moto ikulira. Perete anali atanyamuka popanda ife. M'galimoto munali zii. Leland anali atakhala mowongoka pakati pa mpando wakumbuyo, malaya oyera atamatirira pathupi, magalasi onse akumbuyo ali otseka poti zopukusira anachotsanso. Ndinatsegula chitseko, mpweya wotentha unandimenya kumaso.

"Tuluka, ungafe ndi kutentha."

Sanasunthe.

"Mpaka pa geti pokha," anatero, osandiyang'ana.

"Pa geti panali ana a anthu."

"Ndikudziwa."

"Ndinakuuza kuti zotsegulirazo uzisiye."

"Ukanakhala kuti sunanene zimenezo lero, Arlys, ukanadwala?"

Ndinakhala pansi, pa udzu, pafupi ndi chitseko chotsegulacho. Ndinafuna kumutukwana, ndinafuna kumukumbatira, sindinachite chilichonse. Chipewa cha Adadi chinali chitagwera pa mphira, m'khofi wotayika.

"Koma anakudziwa," ndinatero. "Anakutchula dzina. Ndi zimene umafuna."

"Eya. Anandidziwa." Anapititsa chala pa timisomali tinayi ta kachitsulo kaja, kamodzikamodzi. "Dzanja lawo lapepuka. Kale lija linali lolemera."

Tinakhala choncho, bandi ikupita kutali chakumlatho. Kenako ndinamva kugogoda pa galasi la pabalaza. Adadi anali ataima pawindo, atavala vesiti yokha, akutikodola ndi dzanja lomata pulasitala lija. Anakankha windo n'kutulutsa mutu.

"Mayi! Munthu wa gasiyo mwamusiya padzuwa bwanji? Muitaneni adzamwe kanthu kozizira."

Leland anatseka maso. Kenako anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya, anaweramitsa mutu yekha kuti asagunde denga, n'kutuluka.

"Ndikubwera, bambo," anayankha. "Zikomo kwambiri."